Kuyenda M'dzina la Mfumu

M'mawa wa tsiku limenelo banja la a Lifeyo Mbewe linali pakhonde likumwa tiyi wa mbatata. Kwawo kunali pa Tsidyalino, mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Dikirani, m'ufumu wa Zilimkudza. Nachisale, mkazi wa a Lifeyo, ankamwa ataimirira, maso ali pa madengu a matimati amene anathyola kudimba dzulo lake. Esinati, mwana wawo wamkulu, ankasankha ofewa n'kumaika padera. A Jelasi, mlongo wake wa Nachisale, anakhala pa mtondo wogoneka pansi, kapu ili m'manja. Iwowa ankakonza njinga pamsika wa Tsidyalija, kutsidya kwa mtsinjewo, ndipo chibadwire anali asanaphonyepo tiyi wa kwa alamu awo.

Ali mkati momwa, panafika mthenga wa kunyumba yachifumu, buluku lake litanyowa mpaka m'chiuno. Anapereka kalata kwa a Lifeyo, kenako anayang'anitsitsa mbale ya mbatata mpaka anamupatsako.

Kalatayo inali itanyamuka kulikulu, mumzinda wa Tikuganiza, miyezi itatu yapitayo. Si kuti kulikulu n'kutali kwenikweni. Koma lamulo la dzikolo linkati kalata ya mfumu iziyenda pamsewu wa mfumu basi, ndipo msewu wa mfumu, umene ankautcha Msewu wa Mtsogolo, unali m'zigawo zitatu zosakumana. Chigawo chikatha, mthenga ankakhala pansi kudikira kuti achiwonjezere. Akatopa ankadzera kutchire, koma osauza munthu.

A Lifeyo anavala magalasi awo a mwendo umodzi n'kuwerenga mokweza. Kalatayo inkati Mfumu Lonjezani Wachitatu ibwera kudzayendera miyala isanu ndi iwiri ya maziko a mlatho wa Dikirani imene inaika kale ku Tsidyalija, kenako iwoloka mtsinje n'kudzaika wachisanu ndi chitatu ku Tsidyalino. Atafika pa deti anasiya kuwerenga. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso. Deti linali lomwelo. Mfumu inali kufika tsiku lomwelo dzuwa likapendeka.

Mbatata inawatsamwa, ndipo a Jelasi anawamenya kumsana mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Kuti mumvetse chimene chinawatsamwitsa, muyenera kudziwa mmene chitukuko chinkayendera ku Zilimkudza. Kumeneko chilichonse chinkayamba ndi mwala wa maziko, ndipo zambiri zinkathera pomwepo. Zina zinkapitirira pang'ono. Mapolo a magetsi anafika mpaka pamsika wa Tsidyalija, mawaya okha ndiwo anali m'njira, choncho amayi anamangapo zingwe zoyanikira zovala. Mpope wa madzi unalipo, ndipo ukautsegula unkapuma ngati munthu amene wakwera chitunda. Foni inkagwira pachulu chimodzi cha kuseri kwa msika, ndipo boma litamva linachitcha Nsanja ya Lamya ya Ufumu n'kuchitsegulira ndi ng'oma.

Mlatho wa Dikirani ndiwo unali pamtima pa mfumu. Chaka chilichonse mvula isanayambe, mfumu inkabwera ku Tsidyalija kudzaika mwala wake wa maziko. Mwala woyamba unali wa saizi ya mphero, ndipo unalembedwa kuti Lonjezani Wachitatu basi. Koma chaka ndi chaka mayina aulemu a mfumu ankachuluka, ndipo mwala nawo unkakula kuti akwanepo. Wachiwiri unawonjeza kuti Mwinimisewu. Wachinayi unali ndi Tate wa Milatho. Pofika wachisanu ndi chiwiri panali Muuni wa Mapolo komanso Wosabwerera M'mbuyo, ndipo unatsitsidwa m'lole ndi amuna asanu ndi atatu. Poti miyalayo inali yosalala, yolembedwa dzina ndi chaka, anthu ankangoitcha ziliza. Alendo podutsa ankavula zipewa n'kufunsa kuti wagona pamenepo ndani, ndipo ankayankhidwa kuti ndi mlatho.

A Lifeyo ndiwo anali Msungi wa Miyala ya Maziko. Anapatsidwa kapusi ndi wezulo, ndipo m'mawa uliwonse ankawoloka mtsinje akuyenda m'madzi kukalondera maziko a mlatho. Kamodzi pachaka ankapita ku Tikuganiza kumsonkhano wa asungi a miyala a dziko lonse, umene unkatenga sabata yathunthu poti asungiwo anali ambiri. Chaka choyamba atabwerako anapeza mwala palibe. Anaimba wezulo, anathamanga uku ndi uku, mpaka anaupeza uli mumtsinje, Nachisale ataima pamwamba pake dengu lili pamutu. Iye ndi amayi anzake a matimati anali ataukoka ndi ng'ombe za a Jelasi. Atafunsidwa, anangoti mwalawo unali kungokhala.

Chaka chotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. A Lifeyo anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mkazi wawo, choncho anamanga mpanda wa udzu kuzungulira pamalo pa miyala paja n'kukhomapo chikwangwani chakuti OSALOWA, NTCHITO ILI MKATI. Mfumu ikabwera inkaika mwala watsopano pakhomo pa mpanda, ndipo za miyala yakale siinkafunsa, poti mtima wake unkakonda zatsopano. Mkati mwa mpandamo a Lifeyo anadzalamo mpiru kuti malo asangokhala.

Chimene chinkawasowetsa tulo kwambiri chinali chakuti Nachisale anaika miyalayo zolemba zili kumwamba. Woyamba uja anayesa kuugoneka chafufumimba, koma kumsana kwake kunali koterera ngati therere, ndipo mayi wina anagwa ndi dengu la mazira. Atautembenuza anapeza kuti zilembo zogoba zija zimagwira phazi bwino kwambiri. Tsono lamulo la Zilimkudza linkati woponda dzina la mfumu, kapena wolola kuti lipondedwe, akakumbe Msewu wa Mtsogolo mpaka ufike kumene ukupita.

Dikirani si mtsinje waukulu. Miyala inayi inali kuchokera gombe la Tsidyalino, itatu kuchokera la Tsidyalija, ndipo pakati panatsala mpata umodzi, pamene madzi amathamanga. M'chilimwe anthu ankatsikira m'madzi pampatapo, n'kunyowa mpaka m'mawondo, n'kukwera mwala wa kutsogolo. Koma chaka chimenecho mvula inali itayamba kale kumapiri, madzi pampatapo anali m'chiuno, ndipo pakatha masabata awiri palibe akanawoloka ndi dengu pamutu. Dimba la Nachisale linali litangoyamba kufiira. Mpata uja ukanakhala wosatseka, kapena miyala ija ikanazulidwa, matimati onse akanawolera ku Tsidyalino, mudzi umene aliyense ali ndi matimati ake.

Mbatata itatsika, a Lifeyo anayamba kupempha. Anati a Jelasi amange ng'ombe msanga, aitane amuna khumi, azule miyala, aitsuke ndi mchenga n'kuibwezera mumpanda dzuwa lisanafike pamutu. Analankhula za lamulo, za kapusi yawo, za msana wawo umene sungathenso khasu.

"Abambo a Esinati," anatero Nachisale akutsanulira masamba a tiyi pansi, "zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudikira mwala umodzi. Lero ukubwera wokha pa lole, inu mukuti tizule inayo?"

"Ukubwera ndi mwini wake, Nachisale."

"Mwini wakeyo nayenso ali ndi mapazi."

A Jelasi anati ng'ombe zawo zadzuka ndi chimfine. Kenako anawalimbitsa mtima alamu awo kuti asade nkhawa, khasu awabwereka, ndipo amva kuti ku Msewu wa Mtsogolo kumawomba kamphepo kabwino. A Lifeyo anavala kapusi yawo, anaiwala wezulo pazenera.

Nkhani ya kuwolokayi inayambira m'bwalo la nduna, kalata ija isanalembedwe. Tsiku limenelo mfumu inakhala nthawi yaitali ikuyang'ana mapu a dziko amene anapachikidwa kukhoma. Pamapupo mlatho wa Dikirani unalipo kale, poti wojambula anauzidwa kuti asamadikire omanga. Mwadzidzidzi mfumu inatembenuka n'kuuza nduna zake kuti yatulukira chinthu: mlatho uli ndi mitu iwiri. Nduna zinawomba m'manja. Ina inati m'mbiri yonse ya dziko palibe mfumu inaonapo zimenezi. Mfumu inapitiriza kuti kwa zaka zisanu ndi ziwiri yakhala ikuika miyala kumutu umodzi wokha, ndipo anthu a tsidya linalo angayambe kuona ngati chitukuko chikuwasala.

Kenako inayang'ana a Kamlomo, Nduna ya Misewu, Milatho, Mawaya ndi Zina Zikubwera, n'kufunsa ngati munthu angathe kuwoloka pa Dikirani.

"M'mapepala, mfumu yanga, mukhoza kuwoloka ngakhale ndi galimoto," anayankha a Kamlomo.

Mfumu inati galimoto n'losafunika, iwoloka wapansi kuti anthu aione bwino. A Kamlomo anawomba m'manja pamodzi ndi anzawo, thukuta likutsikira m'kolala. Asanabalalike anapempha bwalo kuti likhazikitse lamulo lapadera, ndipo linakhazikitsidwa popanda wotsutsa: mvula isagwe kumapiri mpaka mwambo utachitika, ndipo mtsinje wa Dikirani usapitirire m'kakolo. Lamulolo analilengeza pa wailesi katatu patsiku, koma osatchula tsiku la mwambowo. Anthu onse analimva, kupatula mtsinje, umene unalibe wailesi.

Nachisale atafika pamsika wa Tsidyalija ndi dengu lake, chitenje chikudontha, anapeza akuluakulu a boma afika kale ndi zidebe za laimu. Anapaka mitengo, mapolo, miyala ya m'mbali mwa njira, ndiponso bulu wina amene anachedwa kusuntha. Amayi anauzidwa kuti achotse zovala pazingwe koma zingwezo azisiye, chifukwa munthu akakhala patali zimaoneka ngati mawaya. Pansi pa mpope anaikapo ndowa yodzadza kale. Pachulu cha lamya anazikapo mbendera, moti mkulu wina amene anali pamwamba kuimbira mwana wake wa kutauni anauzidwa kuti amalize nkhani yake mawa.

Anthu a pamsika anazolowera. Wogulitsa mandasi anafunsa mkulu wa laimu ngati chaka chino awombe m'manja mfumu isanalankhule kapena itamaliza, poti chaka chatha anasokoneza. Wometa tsitsi, amene anagula makina ometera a magetsi chaka chimene mapolo anabwera, anawatulutsa m'katoni n'kuwapukuta fumbi, akuti nawonso aone mfumu. Mayi wina wa usipa anati akuthokoza kuti mtsinje uli m'kakolo, kungoti akakolo a masiku ano akumera m'chiuno. A Lifeyo anaima pakhomo pa mpanda wawo akuyang'ana kumsewu.

Dzuwa litapendeka, fumbi linaoneka kumtunda. Kunabwera galimoto zisanu zakuda zimene fumbilo linali litazisandutsa zofiira, ndipo pambuyo pake lole itasenza mwala wachisanu ndi chitatu, wokutidwa ndi nsalu, waukulu ngati chitseko cha tchalitchi. Nachisale anauyang'ana kamodzi, anayang'ana amayi anzake, onse anagwedeza mitu pang'ono.

Mfumu Lonjezani Wachitatu inali munthu wonenepa bwino, wa nkhope yosangalala, ndipo inkakhulupirira ndi mtima wonse chilichonse chimene inkanena. Inalankhula ola lathunthu. Inati m'masiku a makolo anthu ankangowoloka mitsinje popanda pulani, koma tsopano akuwoloka podziwa kuti mlatho ukubwera. Inati dziko limene lili ndi maziko asanu ndi atatu a mlatho umodzi silingagwedezeke. Wa mandasi anawomba m'manja pakati pa chiganizo, anzake n'kumutsatira.

Itamaliza, inapita kumpanda kuja. A Lifeyo anagwada, kenako anatsegula chitseko cha udzu. Mfumu inasuzumira. Mpiru unali wobiriwira bwino, m'mizere yowongoka. Mfumu inabwerera pachikwangwani, inawerenga pang'onopang'ono, n'kufunsa mofatsa kuti ntchito imene ili mkatiyo ili pati.

"Ili mkati mwa madzi, mfumu yanga," anatero Nachisale, atagwada kumbuyo kwa mwamuna wake.

Gulu lonse linatsetserekera kumtsinje. Miyala ija inali pomwepo, itandanda, zilembo zake zikuwala chifukwa chopukutidwa ndi mapazi a zaka zisanu ndi ziwiri. Nthawi yomweyo bambo wina wa ku Tsidyalino, amene sanamve za kalata, anali kuwoloka mbuzi ili pamapewa. Anatuluka m'madzi a pampata paja, n'kuponda Wosabwerera M'mbuyo ndi phazi lamatope, n'kupuma pamenepo pang'ono. Atakweza maso n'kuona khamu, anapereka moni kwa onse.

A Kamlomo anaona kuti mwayi wawo wafika. Analamula asilikali kuti agwire a Lifeyo, ndipo anauza mfumu kuti mlatho ukanatha kalekale pakanapanda anthu oba maziko. Anati miyalayo izulidwe mawa lomwe ipite kulikulu kukasungidwa bwino, ndipo poti zinthu zasokonekera, mwala watsopano ungoikidwa tsidya lomwe lino monga mwa masiku onse. Asilikali awiri anagwira a Lifeyo m'mikono. Kapusi inagwa, a Jelasi n'kuitola, n'kuiyesa.

Koma kutsidya, anthu a Tsidyalino anali atasonkhana pagombe, ng'oma zikulira, Esinati ali kutsogolo kwa amayi ovina. Mfumu inawayang'ana. Inati wailesi yalengeza kale kuti iwoloka, ndipo mlandu udikire mwambo uthe. Kenako inafunsa a Kamlomo kuti mbali ya mlatho imene munthu angawolokepo ndi iti. A Kamlomo anayamba kufufuza m'chikwama chawo cha mapepala, ndipo anafufuzabe kwa nthawi.

Nachisale anasendera chogwada, anawomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti njira ilipo ndipo akhoza kutsogolera. Mfumu inayang'ana mwala woyamba wa pagombe, pamene dzina lake linali kuyang'ana kumwamba.

"Mayi, mukuti ndiponde dzina langa?"

"Ayi, mfumu yanga, pano sitiponda," anayankha Nachisale. "Ife timayenda m'dzina lanu. Wopita kuchipatala amayenda m'dzina lanu, wopita kumaliro m'dzina lanu. Matimati angawa afika pamsika m'dzina lanu. Ena amalitchula pakamwa pokha, koma ife timalidalira ndi thupi lonse, ndi katundu yemwe."

Mfumu inabwereza mawuwo chapansipansi, ngati munthu amene akulawa ndiwo za kwa eni. Inawabwerezanso mokweza pang'ono. Nkhope yake inayamba kumasuka. A Kamlomo anati lamulo ndi lamulo, koma anatero motsitsa mawu, akuyang'ana kumene mphepo ikulowera.

Nachisale analangiza kuti nsapato zivulidwe, poti zilembo zimagwira bwino phazi lopanda kanthu. Mfumu inavula n'kupatsira a Kamlomo kuti anyamule. Mapazi ake anali ofewa ngati a khanda, ndipo amayi onse anayang'ana kumbali mwaulemu, kenako anayang'ananso. Inaponda mwala woyamba. Siinaterereke. Inaponda wachiwiri, ikuwerenga, ndipo inamwetulira ngati yakumana ndi mbale wake. Inafika pa wachitatu, umene unali waukulu uja wa chaka chatha, n'kuima.

Kutsogolo kwake kunali mpata. Madzi ofiira ankathamanga akutembenuza zinyalala za kumapiri. Mwala wotsatira unali patali moti ngakhale mnyamata wa mpira sakanalumpha. Mfumu inatembenuza khosi n'kufunsa za lamulo lija la m'kakolo. A Kamlomo, amene anali pamwala wa kumbuyo nsapato zili m'manja, anati mtsinjewo uyankha mlandu. Mfumu inafuna kubwerera, koma itayang'ana pansi inaona zala zake zitagwira mawu akuti Wosabwerera M'mbuyo. Magombe onse awiri anali kuyang'ana. Ng'oma zinayamba kulira mokayikira.

Nachisale anali atatsikira kale m'madzi, ataima pampatapo madzi ali m'chiuno, ngati mmene ankachitira tsiku lililonse.

"Povuta ndi pano, mfumu yanga," anatero. "Pakusowa dzina limodzi."

Mfumu inayang'ana madzi, inayang'ana lole kumtunda, inayang'ananso madzi. Kenako inakweza dzanja n'kulengeza ndi mawu a pamsonkhano kuti yaganiza mozama, ndipo yaona kuti mlatho, kuwonjezera pa mitu iwiri, ulinso ndi pakati. Mwala wachisanu ndi chitatu uikidwe pomwepo.

Zinatenga ola lathunthu. Amuna khumi ndi awiri anaumangirira pamitengo n'kulowa nawo m'madzi. Akuluakulu a boma anayesa kulamula, koma palibe mwa iwo amene anali ataikapo mwala pamalo pamene ungagwire ntchito, choncho amayi a matimati anatenga udindo. Ankauza asilikali kuti kumanzere pang'ono, tsitsani mbali iyo, ikani kamwala pansi apo kuti usagwedere. Asilikali amene anagwira a Lifeyo anawasiya kuti akathandize, ndipo a Lifeyo, posowa chochita, anatsatira n'kugwira nawo mtengo. Nthawi yonseyi mfumu inaima padzuwa pamwala wake, ikusinthanitsa mapazi.

Mwalawo utakhala pansi, unadzadza mpata wonse, osatsala ngakhale polowa dzanja. Mayina a chaka chimenecho anali atachuluka mokwanira ndendende. Nachisale anavundukula nsalu, anapondapo kaye yekha kuti aone ngati ukugwedera, kenako anapatuka. Mfumu inapondapo, inawerenga mizere yonse isanu ndi umodzi, n'kupitirira mpaka ku Tsidyalino osanyowa ngakhale chala. Nthungululu zinamveka mpaka kuchulu cha lamya.

Pofika kugombe, a Kamlomo anali atakonza kale mawu. Analengeza kuti Mlatho wa Lonjezani, umene wakhala ukumangidwa mwakachetechete kwa zaka zisanu ndi zitatu motsatira pulani ya unduna wawo, watha. Anati ndi mlatho woyamba padziko lonse womangidwa ndi maziko okhaokha. Posowa riboni anadula chingwe cha mbuzi ija. Lamulo lakale analikonza pomwepo: kuponda dzina la mfumu kunakhalabe mlandu, koma kuyenda m'dzina la mfumu kunakhala udindo wa nzika iliyonse.

Mfumu ikuvala nsapato inaitana a Lifeyo n'kuwafunsa kuti nzeru yoika miyala m'madzi anayamba nayo ndani. A Lifeyo anayang'ana Nachisale. Nachisale anayang'ana a Kamlomo. A Kamlomo anagwada n'kunena kuti ndi mfumu yomwe. Mfumu inaganiza pang'ono, ndipo inakumbukira kuti n'zoonadi. Poyamikira kuti anasunga chinsinsi cha boma zaka zonsezi, inakweza a Lifeyo kukhala Msungi wa Mlatho, n'kulamula kuti apatsidwe bulashi yotsukira zilembo. A Jelasi anabweza kapusi, akuti inali yothina.

M'mawa mwake Nachisale ananyamula dengu lalikulu, Esinati lina, n'kutsetserekera kumtsinje. Madzi anali atakwera usiku, koma miyala yonse isanu ndi itatu inali pamwamba pa madzi. Anapeza a Lifeyo atagwada pamwala wapakati akutsuka matope m'zilembo, ndipo a Jelasi ali pagombe ndi njinga ya kasitomala paphewa, kawailesi kakulendewera pahandulo. Ankadandaula kuti mlatho wake ndi wabwino, koma njinga ndiyo imakwera munthu, ndipo ngolo ya ng'ombe singayerekeze n'komwe.

Wailesi inali kunena za mwambo wa dzulo. Inati chifukwa cha zimene zinachitika pa Dikirani, bwalo la nduna lawonjezera mfumu mayina ena awiri, Wowoloka Wosanyowa ndi Mwinipakati. Inatinso mwezi wamawa mfumu ibwerera ku Tsidyalija kudzaika mwala wa maziko a nyumba ya magetsi, ndipo mwezi winawo wa chipatala chatsopano.

Nachisale anaima pa Tate wa Milatho, dengu lili pamutu, chitenje chili chouma koyamba m'zaka zonsezi. Anayang'ana m'mbali mwa miyala, kumunsi kwa madzi, kumene mzere wachiwiri wa miyala ungakhale.

"Abambo a Esinati, msonkhano wanu wa ku Tikuganiza chaka chino uliko liti?"

A Lifeyo anapitiriza kutsuka ngati sanamve. Nachisale atadutsa n'kukwera chitunda cha kumsika, iwo anaika bulashi pansi, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa a Jelasi motsitsa mawu kuti kodi ngolo yawo ija m'lifupi mwake ndi mapazi angati.